Phungu Wotsutsa: Nkhani ya Mpando wa Kafue

Ife okhala mu Kafue tidziwa bwino kuti tauni yathu inakula cifukwa ca mafakitale. Makolo athu anacokera kutali kudzagwira nchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku Kafue Textiles. Pamene fakitale ya nsalu inatsekedwa ndipo ya feteleza inafooka, mabanja ambiri ku Estates ndi ku Zambia Compound anatsala manja lende. Cotero munthu amene timtuma ku Nyumba ya Malamulo amasenza katundu wolema, makamaka ngati cipani cake sicili m'boma.

Mu caka ca 2001 anthu a Kafue anasankha a Robert Sichinga a cipani ca UPND, pamene MMD ya a Levy Mwanawasa inali kulamula. Patapita zaka 15, mu Ogasiti 2016, mpando uja unabwereranso ku cipani cotsutsa: Amai Mirriam Chonya a UPND, amene anagwirapo nchito ya mlembi wamkulu mu unduna wa maphunziro, anapambana pamene a Edgar Lungu a PF anatenga utsogoleri wa dziko.

Zaka zotsatirazo zinali zowawa. A Obvious Mwaliteta, amene anali phungu wa Kafue kuyambira 2011 ndipo anacoka ku PF kulowa UPND, anamangidwa masankho atangotha. Anakhala m'ndende pafupifupi caka cathunthu, khoti lisanawapeze opanda mlandu mu 2017. Mu Epulo 2017 mtsogoleri wa UPND, a Hakainde Hichilema, anagwidwa pa mlandu woukira boma, nakhala m'ndende miyezi 4. Mu Juni caka comweco Sipika wa Nyumba ya Malamulo, a Patrick Matibini, anaimitsa aphungu 48 a UPND kwa masiku 30 popanda malipiro, cifukwa anakana kukamvera mau a Pulezidenti Lungu m'Nyumbamo. Panthawi imeneyo Ambuye Telesphore Mpundu, m'dzina la maepiskopi athu, anacenjeza poyera kuti ufulu wa anthu unali kuponderezedwa.

Nanga phungu wotsutsa agwira nchito yanji? Ambiri a ife timamuyesa ndi zimene maso aona: mseu, mjigo, cipatala. Koma iye sasunga thumba la boma. M'zaka zimenezo ndalama za citukuko ca dera, za CDF, sizinapitirire K1.6 miliyoni pa caka, ndiponso sizinali kufika panthawi yake. Nchito yake yeniyeni ndi kufunsa nduna mafunso, kufufuza m'makomiti mmene ndalama za msonkho wathu zayendera, ndi kukana lamulo limene aona kuti lidzapweteka anthu.

Mphamvu ya kukanayo inaoneka pa 29 Okutobala 2020. Boma linafuna kusintha malamulo aakulu a dziko kupyolera mu Bill 10, imene maepiskopi athu anapempha kuti icotsedwe. Panafunika mavoti 111, koma anapezeka 105 okha, popeza aphungu a UPND anakana kuicirikiza. Manja 6 cabe ndiwo anasowa. Apa tiphunzira kuti voti imene mayi wogulitsa nsomba aponya m'bokosi ku Kafue ifika kutali.

Mu Ogasiti 2021 zinthu zinatembenuka. A Hichilema anakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo Amai Chonya anasankhidwanso, tsopano ali ku mbali ya boma. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni. Akulu anati walira mvula walira matope: amene dzulo anali kufunsa, anayenera tsopano kuyankha. Ndi mmenenso zinacitikira kwa a Sichinga, amene mu 2011 anakhala nduna ya zamalonda m'boma la a Michael Sata.

Tsono ife Akristu titengepo ciani? Coyamba, wotsutsa si mdani wa dziko, pakuti mutu umodzi susenza denga. Caciwiri, tisasandutse phungu wathu kukhala wogula mabokosi a maliro ndi wolipira masukulu a ana athu. Tikatero timkankhira tokha ku ziphuphu. Cacitatu, muyeso ukhale umodzi. Cimene tinacicha coipa pamene cinacitidwa ndi cipani cina, cikhalabe coipa cikacitidwa ndi cipani cimene ticikonda.

M'Mipingo yathu Ing'onoing'ono tikhale pansi, tilembe mafunso athu onena za nchito za acinyamata, za madzi ndi za mtsinje wathu wa Kafue, tiwapereke kwa amene atiimira. Ndipo pa Misa tiwapempherere onse, a m'boma ndi otsutsa omwe.