Nkhokwe ya Maina Athu

Pamene ndinamva m'chaka cha 2020 kuti Experian ya ku South Africa, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, inapereka mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni m'manja mwa tambwali, mtima wanga unawawa ndithu. Pakuti munthuyo sanathyole chitseko kapena kuboola kompyuta, koma anangodzionetsa ngati wamalonda woona, ndipo osunga nkhokwewo anamutsegulira okha, osakumbuka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Taonani kuipa kwake: iye amene agwira dzina lanu, nambala ya chiphaso chanu ndi ya lamya yanu, akhoza kukuimbirani monga mlembi wa ku banki, nakunyengani kufikira mutaulula nambala yachinsinsi, kapenanso kukongola ndalama m'dzina lanu; ndipo polemba izi ndilingalira abale athu okhala ku Joni, amene thukuta lawo lidyetsa makomo ambiri kuno kwathu.

Lamulo la POPIA loteteza mbiri ya anthu ku South Africa, limene linayamba kugwira ntchito kwathunthu pa 1 Julaye 2021, likakamiza kampani yoberedwa mbiri kudziwitsa boma ndi eni ake, ndipo chindapusa chake chifika R10 miliyoni, ndalama imene ine ndiiyesa yochepa poyerekeza ndi unyinji wa olakwiridwa. Nafenso ku Malawi tinalandira lamulo lotere mu 2024, woyang'anira wake nakhala MACRA.

Chotero, owerenga anga olemekezeka, wina akapempha chiphaso chanu kuti achijambule, mufunseni kumene adzasunga chithunzicho ndi amene adzachiona.