KAVALO WAMFUPI AMENE ANASOWA WOGULA: PHUNZIRO KWA OWETA A KU PETAUKE NDI NYIMBA

Alimi ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba sanaonepo kavalo ndi maso. Cifukwa cace ncodziwika: dziko lathu lagundana ndi cigwa ca Luangwa kumene kuli kashembe, ndipo kavalo akalumidwa ndi nchenche imeneyi sakhalitsa. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba tiri nazo, koma akavalo ai. Tsono wina angafunse kuti, kodi nkhani ya kavalo ilowa bwanji pa tsamba la alimi? Yankho ndi ili: palibe ciweto cina cimene mbiri ya makolo ace yalembedwa mosamala ngati kavalo wa mpikisano. Zimene ife tingoganizira m'makola mwathu, eni akavalo anaziyesa ndi kuzilemba, ndipo mlimi wanzeru akhoza kutolapo kanthu.

Mtundu wa Akavalo a Liwiro

Akavalo a mpikisano ndi a mtundu wochedwa Thoroughbred, umene unayambira ku England. Kuyambira caka ca 1791 kuli buku lochedwa General Stud Book m'mene alembamo kavalo wa mtunduwu wa ku Britain ndi Ireland, atate wace ndi amace. Potsata mzere wa atate, akavalo onsewa acokera kwa amphongo atatu okha amene anafika ku England zaka ngati 300 zapitazo: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Mwa zidzukulu zao zosawerengeka, mmodzi amene anasintha mtundu wonse ndiye Northern Dancer.

Kubadwa Kwace

Northern Dancer anabadwa pa 27 May, 1961, pa famu ya Windfields ku Oshawa m'dziko la Canada. Mwini famuyo anali Bambo E. P. Taylor. Atate wa kavaloyu anali Nearctic, mwana wa Nearco wa ku Italy amene anathamanga mipikisano 14 osagonjapo. Amace anali Natalma, ndipo uyu ndiye anali mwana wace woyamba.

Kumaiko akumpoto kavalo aliyense wa mpikisano amuwerengera caka catsopano pa 1 January, ngakhale anabadwa mwezi uti. Cotero wobadwa mu May aoneka wotsalira pakati pa anzace. Uyu tsono anali wocedwa kubadwa, ndiponso wamfupi mwa cibadwa cace. M'caka ca 1962 Bambo Taylor anaika ana a akavalo ace pa malonda, ndipo pa iye anaikapo mtengo wa madola 25,000. Ogula anabwera, anamuyang'ana, napita kukagula ena aatali miyendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamfuna.

Pamene anayamba kumphunzitsa liwiro, kavaloyu anali waukali ndi wosamva. Mphunzitsi wace, Bambo Horatio Luro, anapempha kuti amfule kuti afatse. Bambo Taylor anakana. Owerenga asunge mau awa mumtima, pakuti tidzabwereranso pomwepa.

Pa Bwalo la Mpikisano

Anayamba kuthamanga mu August 1963, ndipo caka cimeneco anapambana mipikisano 7 mwa 9. Ciboda cace cina cinang'ambika, koma anacimata ndi mphira nabwerera pa bwalo.

Tsiku lalikuru linali la 2 May, 1964, caka comwe dziko lathu la Zambia linalandira ufulu. Pa tsikulo panali mpikisano womveka wa ku America wochedwa Kentucky Derby. Anthu ambiri anakhulupirira kavalo wamtali wochedwa Hill Rise, ndipo ngakhale wokwera wochuka, Bill Shoemaker, anasiya Northern Dancer nasankha Hill Rise. Wamfupiyo anakweredwa ndi Bill Hartack. Pofika pa mzere wotsiriza Hill Rise anali kumpumira m'nthiti, koma Northern Dancer anamtsogolera ndi utali wa khosi lokha. Mtunda wa makilomita 2 anautha pa mphindi 2. Munthu woyenda pansi mwacangu atha mphindi ngati 25 pa mtunda womwewo. Panalibe kavalo amene anathamangapo cotero mu mpikisano umenewu, ndipo nthawi yaceyo sinapitiriridwe kufikira 1973 pamene Secretariat anaiposa.

Pambuyo pace anapambananso Preakness, nakhala wacitatu mu Belmont, napambana Queen's Plate kwao ku Canada. Kenaka mtsempha wa mwendo unapweteka ndipo anapumula. Pa mipikisano yonse 18 anapambana 14, anakhala waciwiri kawiri ndi wacitatu kawiri.

Ana Ace

Nchito yace yeniyeni inayamba mu 1965 pamene anamuika kukhala wobereketsa. Poyamba mwini kavalo wamkazi anali kulipira madola 10,000 kuti kavalo wace akwerwe. Ana oyamba atangofika pa bwalo, anthu anaona kuti liwiro la atate lalowa mwa ana. M'gulu laciwiri munabadwa Nijinsky, amene mu 1970 anapambana mipikisano itatu yaikuru ya ku England, 2000 Guineas, Derby ndi St Leger, m'caka cimodzi. Kuyambira pamenepo olemera a ku Ulaya, ku Arabia ndi ku Japan anayamba kulimbirana ana ace, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ena analipira kufikira madola 1,000,000 pa kukwera kumodzi.

Anabereka ana 645 olembedwa maina, ndipo 147 mwa iwo anapambana mipikisano yaikuru. Anapumula pa nchitoyi mu 1987, namwalira pa 16 November, 1990, ali ndi zaka 29. Anakamuika kwao ku Oshawa.

Cimene cinamkweza koposa ndi cakuti ana ace amphongo anakhalanso obereketsa abwino. Mwana wace Sadler's Wells anakhala woyamba mwa obereketsa onse a ku Britain ndi Ireland zaka 14. Sadler's Wells anabala Galileo, Galileo nabala Frankel, amene pakati pa 2010 ndi 2012 anathamanga mipikisano 14 osagonjapo.

Mwazi umenewu unafika ndi kuno kwa anansi athu. Anthu a kuno amene anagwirapo nchito ku Harare adziwa bwalo la akavalo la Borrowdale. Pa bwalo limeneli ndi pamene panayambira Ipi Tombe, kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe mu 1998, amene anapambana Durban July mu 2002 ndi Dubai Duty Free mu 2003. Atate wace anali Manshood, amace a Manshood anali Indian Skimmer, mwana wa Storm Bird, ndipo Storm Bird anali mwana wa Northern Dancer. Onani m'mene mbeu yabwino iyendera: kucokera ku Canada kufika kutsidya la Zambezi.

Mtengo Si Umboni

Koma si mwana aliyense amene anatengera atate. Mu 1983 mwana wace wina, Snaafi Dancer, anagulidwa pa madola 10,200,000 ali ndi caka cimodzi cabe, kaamba ka maonekedwe ace ndi dzina la atate wace. Kavaloyo sanalowe mu mpikisano ndi umodzi womwe, pakuti analibe liwiro. Anamuyesa kubereketsa, koma anapezeka kuti mphamvu yobereka iri yocepa. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Amene anakanidwa pa madola 25,000 anadzaza dziko ndi zidzukulu. Amene anagulidwa pa mamiliyoni sanabweze kanthu.

Nanga Ife Titolapo Ciani?

Ife sitifuna liwiro. Tifuna ng'ombe yokoka pulawo ndi ngolo, yopirira nkhupakupa ndi cigodola, yosagwa mu October msipu ukatha. Ng'ombe zathu za Angoni, za linunda ndi nyanga zazifupi, ziri nazo mphatso zimenezi kuposa ng'ombe zambiri zocokera kunja. Koma lamulo la mbeu ndi limodzi kwa kavalo, ng'ombe ndi mbuzi. Ng'ombe yaikazi ibala thole limodzi pa caka ikacita bwino, koma nkhunzi imodzi ikhoza kubala matole makumi awiri pa caka comweco. Cifukwa cace nkhunzi ndiyo theka la khola.

1. Musafule yabwino koposa. Cizolowezi cathu ndi ici: pakati pa matole amphongo tisankha lamphamvu ndi lokula msanga, ndi kulifula kuti likhale la pa goli, lofooka ndilo tilisiya, ndipo ndilo likwera zazikazi zonse za m'mudzi. Pa mbuzi ticita cimodzimodzi: tonde wamkuru tigulitsa pa mseu wa Great East Road, kakang'ono nkutsala m'khola. Potero ziweto zathu zinka zicepa msinkhu mbadwo ndi mbadwo, ife nkumati ndi msipu. Bambo Taylor akadamvera mau ofula kavalo uja, sikukadakhala Nijinsky, kapena Frankel, kapena Ipi Tombe. Sankhani nkhunzi poyamba, za pa goli pambuyo, ndipo zotsala zonse zifulidwe zisanayambe kukwera.

2. Yang'anani amace. Make mbuu, mwana mbuu. Thole loyenera kusungidwa ndi la mai wobala kawirikawiri, wa mkaka wokwanira, wosadwaladwala. Pogula nkhunzi pemphani kuti muone amace ndi abale ace.

3. Weruzani nkhunzi ndi ana ace. Kunenepa ndi kudzuma kwace sikulima munda. Ngati matole ace abadwa amoyo, akula msanga ndipo apyola cilimwe ali ndi thupi, isungeni ngakhale iri yaifupi. Ngati zazikazi zibwerera osatenga bere, kapena matole ali onyentchera, icotseni ngakhale munaigula ndarama zambiri.

4. Lembani. Kope la sukulu limodzi likwanira. Lembani dzina la ng'ombe, tsiku lobala, atate wa thole, ndi matenda amene linadwala. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni. Mutu uiwala, kope siliiwala.

5. Nkhunzi isakwere ana ace. Pakapita zaka zitatu ana ace aakazi ayamba kufuna yamphongo, ndipo nthawi yakwana yosinthana nkhunzi ndi mlimi wa mudzi wina. Tonde asinthidwe msanga koposa, pakuti mbuzi ikula caka cisanathe. Posinthana, muyambe mwaonana ndi a ofesi ya ziweto kuti mungatengere matenda m'khola mwanu.

Popeza ng'ombe za m'mudzi zidyera pamodzi ku dambo, mlimi mmodzi sangakonze mbeu payekha. Nkhunzi yoipa ya mnzanu idzakwera msoti wanu. Nkhaniyi tsono ndi ya mudzi wonse. A Nyakwawa aitane eni ng'ombe, agwirizane nkhunzi ziwiri kapena zitatu zoyenera kusungidwa, ndipo aitane mlangizi wa ziweto abwere ndi cofulira kudzathandiza pa zotsalazo. Nchito imeneyi siidya ndarama zambiri, koma phindu lace mudzaliona m'khola pakapita zaka zinai kapena zisanu, ndipo ana anu adzalima ndi ng'ombe zoposa zanu.