NAMWINO WOFUNA DIGIRI AYAMBE WAKONZA MAPEPALA

M'makomboni a Kabwe monga Mukobeko, Bwacha ndi Makululu, wodwala akafika pa kiliniki kawirikawiri ayamba kuonana ndi namwino. Ena mwa anamwinowa ndi aja ochedwa ma Enrolled Nurse, amene anaphunzira zaka ziwiri nalandira satifiketi. Adziwa kubaya nyeleti, kutsuka zilonda ndi kupima ana ku sikelo, ndipo ambiri agwira nchito zaka zoculuka. Koma pa nkhani ya malipiro ndi kukwezedwa, satifiketiyo iwasiya kumbuyo. Ndico cifukwa cake ambiri afuna kubwerera ku sukulu.

Njira yake ili ndi masitepe awiri. Coyamba, namwino wa satifiketi acita maphunziro owonjezera kuti akhale Registered Nurse, wa dipuloma. Wocokera ku sekondale atenga zaka zitatu kuti apeze dipulomayi, koma amene ali kale pa nchito amfupikitsirako nthawi. Caciwiri, wa dipuloma apempha malo ku yunivesiti. Sukulu ya unamwino ya University of Zambia ili ku Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi cipatala ca UTH. Mu Lusaka momwemo mulinso Levy Mwanawasa Medical University, nayonso ya boma.

Ofuna malo ndi ambiri, malo ndi ocepa, ndipo osankha ayamba kuyang'ana mapepala asanaone nkhope ya munthu. Pepala loyamba ndi la Giredi 12. Pafunika makirediti asanu, kuphatikizapo Cingelezi, masamu ndi sayansi. Kirediti ndi giredi 6 kapena yoposa apo, kupita ku 1. Giredi 7 kapena 8 ndi kupasa ndithu, koma si kirediti. Apa ndipo pagwera anamwino ambiri aluso, makamaka pa masamu. Mankhwala ake ndi kulembanso phunzirolo pa mayeso a GCE a bungwe la Examinations Council of Zambia. Ici cifunika kuyambidwa caka cimodzi kapena ziwiri munthu asanapemphe malo, cifukwa yunivesiti silandira lonjezo lakuti zotsatira zibwera.

Pepala laciwiri ndi laisensi. Bungwe loyang'anira anamwino linakhazikitsidwa mu 1970 ndi dzina lakuti General Nursing Council of Zambia. Lamulo la mu 2019 linasintha dzinali kukhala Nursing and Midwifery Council of Zambia. Namwino aliyense ayenera kukhala m'kaundula wa bungweli ndi kukonzanso laisensi caka ndi caka. Amene anailekerera ayambe wakonza zimenezo.

Pepala lacitatu ndi cilolezo ca kunchito. Wogwira nchito m'boma apempha chuti ca maphunziro kupyolera mwa womuyang'anira, pempholo lipite ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma la Kabwe ndi kupitirira. Sangalole anamwino onse a pa kiliniki imodzi kucoka pamodzi odwala n'kutsala okha, motero wopempha msanga ndiye aima patsogolo. Wolandira chuti ca malipiro asaina pangano lakuti adzabwerera kudzagwira nchito. Wongocoka popanda kalata aika nchito yake pa ngozi, ndi cakudya ca ana ake comwe.

Palinso cenjezo kwa mabanja. Masukulu a unamwino amene si a boma aculuka, ndipo ena akopa anthu ndi malonjezo a digiri yamsanga. Banja lisanagulitse katundu kapena kutenga nkhongole, lifunse ku bungwe la anamwino ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. Ngati ndi yunivesiti, lifunsenso ku Higher Education Authority. Pepala la sukulu yosavomerezeka silipatsa munthu laisensi, ndipo ndalama zikapita sizibwerera.

A m'nyumba nawonso ali ndi mbali yao. Namwino wobwerera ku sukulu nthawi zambiri ndi mai wa ana, ndiponso ndiye agula unga. Amuna ake, azilongo ndi apongozi akhale pansi agwirizane za amene adzasunga ana, ndi kumene ndalama za sukulu, za mabuku ndi za basi ya ku Lusaka zidzacokera.

Wolephera kupeza malo caka cino asataye mtima. Afunse cimene cinasowa pa mapepala ake, acikonze, apemphenso caka camawa.