Kodi Mumadziwa? Mowa wa M'chitini ndi Mbiya za ku Mbare

Kodi mumadziwa kuti pali mowa umene umagulidwa m'chitini usanafululidwe? Chitini chake chimalemera makilogalamu 1.7. M'kati mwake mumakhala madzi a chimera cha balere, ophikidwa mpaka kuchita phala lomata, osakaniza kale ndi duwa lowawa lotchedwa hops. Pansi pa chivindikiro pamakhala kapaketi ka yisiti. Mukathira madzi ndi kilogalamu imodzi ya shuga, mumapeza malita 23 a mowa. Kampani ya Coopers ya ku Adelaide, m'dziko la Australia, ndiyo inatchuka kwambiri ndi zitini zimenezi. Ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, malokeshoni a ku Harare, chitinichi n'chachilendo, ndipo wochifuna amayang'ana kwa abale ake a ku Joni. Koma ntchito imene chimachita si yachilendo ayi.

Nanga mumadziwa kuti pa Mbare Musika pamagulitsidwa chinthu chofanana nacho kuyambira kale? Ndi chimera. Amayi amanyika mawere kapena mapira m'madzi, n'kuwafunditsa ndi masaka onyowa mpaka atatulutsa timizu toyera, kenaka n'kuyanika padzuwa ndi kukagayitsa. Wogula wodziwa amatapa pang'ono m'dzanja, n'kununkhiza, n'kutafuna. Chikatsekemera pa lilime ndiye kuti chinamera bwino. Chikamveka fungo la nkhungu amachisiya pomwepo, ngakhale mtengo atsitse chotani. Kumera kuja n'kumene kumadzutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo shugayo ndi amene yisiti amadya kuti mowa ukhalepo. Fakitale ya Delta ku Kwekwe imachita zomwezi ndi balere wolimidwa m'nyengo yozizira mothirira. Kusiyana kwake ndi kukula kwa ziwiya basi.

Kodi mumadziwa kuti hops ndi chomera choyanga, ndipo chimene chimalowa mu mowa ndi duwa la chomera chachikazi chokha? Mukaling'amba mumaona kaufa kachikasu komata m'zala. Kuwawa konse ndi fungo lonse zili m'kaufa kameneko.

Kodi mumadziwa chifukwa chake simudzaona munda wa hops ku Dzivarasekwa? Chomerachi chimafuna masiku ataliatali a chilimwe, monga amakhalira ku Germany, ku Czech Republic ndi kumpoto chakumadzulo kwa America. Harare ili pafupi kwambiri ndi pakati pa dziko, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni. Kuno kummwera kwa Africa, hops amalimidwa ku George, m'mphepete mwa mapiri a Outeniqua ku South Africa, ndipo kumeneko anachita kupanga mitundu yawoyawo yopirira masiku aafupi, monga Southern Star, Southern Passion ndi African Queen. Wofulula wa ku Harare akafuna hops watsopano, ameneyu ndiye wapafupi.

Anzathu a ku Ethiopia sanadikire hops. Mowa wawo wa kunyumba, tella, amauwawitsa ndi masamba a mtengo wotchedwa gesho.

Tsono nachi chimene ambiri sachidziwa, ndipo n'chimene chimandisangalatsa koposa zonse. Hops ndi kuwawasa kwa masese zimagwira ntchito imodzi. Mowa ndi chakudya chokoma kwa tizilombo toononga, choncho wofulula aliyense padziko anafunika njira youtetezera. Azungu anapeza duwa lowawa limene limafooketsa tizilomboto. Agogo athu anasiya phala kuti ligone lisase, ndipo kuwawasa kuja kumathamangitsa tizilombo toipa yisiti asanayambe ntchito yake. Koma njira ziwirizi sizigwirizana. Tizilombo tabwino timene timasasitsa phala ndi tomwe hops amatifooketsa. Ndiye mnyamata amene wapeza kapaketi ka African Queen n'kuganiza zokathira mu mbiya ya agogo ake tsiku loyamba, adziwe kuti phalalo silisasa bwino, ndipo chotulukapo sichikhala masese, sichikhalanso mowa wachizungu. Akafuna kuyesa, adikire kuti phala lisase kaye, hops abwere pambuyo chifukwa cha fungo lokha.

Kodi mumadziwa kuti nthawi yothira hops ndiyo imalamula zonse? Akawira pamoto ola lathunthu amapereka kuwawa, fungo n'kuuluka ndi nthunzi. Akalowa kutatsala mphindi zisanu kuti muphule, amasiya fungo la zipatso, kuwawa pang'ono. Ena samuphika n'komwe: amadikira kuti thovu la mowa litsike, n'kuthira magalamu 30 kapena 50 m'kathumba koyera ka nsalu, n'kukasiya m'chigubu cha mowawo masiku atatu kapena anayi. Imeneyi ndi njira yapafupi yokometsera mowa wa m'chitini, umene nthawi zambiri umakhala ndi kuwawa koma fungo lake lochepa.

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi amawira pa madigiri 95, osafika 100. Hops wophikidwa ku Highfield amawawa pang'ono poyerekeza ndi muyeso womwewo wophikidwa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja.

Kodi mumadziwa kuti kilogalamu ya shuga imene chitini chimalamula ndiyo imapepusa mowa? Yisiti amamudya yense osasiya kanthu, mowa n'kukhala waukali koma wamadzimadzi m'kamwa. Odziwa amachotsa theka la shugayo n'kuikapo chimera china. Mayi wofulula wa ku Tafara sangadabwe nazo. Amadziwa kuti mowa wa masiku asanu ndi awiri, umene kumeneko amangoutcha seven days, umakhuta chifukwa cha chimera chothira kachiwiri, pamene wachangu wodalira shuga ndi yisiti wa buledi umangokwera m'mutu. Amadziwanso kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi: lero kuonjezera mawere, ulendo wina kuchedwetsa kusefa. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, mowa ukakoma simudziwa chimene chaukometsa.

Mowa wachangu uja uli ndi mbiri yake. A ku Harare amati chikokiyana, ndipo kummwera amati skokiaan. Unkafululidwa tsiku limodzi kuti apolisi asanafike ukhale utatha. August Musarurwa, woimba saxophone wa ku Bulawayo, anapeka nyimbo ya dzina lomweli, ndipo mu 1954 Louis Armstrong anaijambulanso ku America. Lamulo lotchedwa Harmful Liquids Act linauletsa pamodzi ndi kachasu.

Kodi mumadziwa kuti mpaka chaka cha 1957 munthu wakuda ku Southern Rhodesia sankaloledwa kugula mowa wa m'botolo wachizungu? Makolo athu amene anatsika kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kukagwira ntchito ku Salisbury (Harare wa lero) ankayenera kumwa masese a khonsolo m'mabiyaholo a khonsolo. Nzeru imeneyi inachokera ku Durban, kumene mzinda unalanda malonda a mowa wa anthu akuda, phindu lake n'kumayendetsera malokeshoni. Ku Harare, mabiyaholo amenewa anadzakhala m'manja mwa Rufaro Marketing, kampani ya khonsolo. Mayi wofulula panyumba anasanduka wolakwira lamulo chifukwa ankapikisana ndi mzinda. Ambiri anaphunzitsa ana sukulu ndi ndalama za mbiya yobisa kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndimaona kuti mbiri ya malokeshoni sinawapatsebe ulemu wowayenera.

Ku Britain nakonso kufulula kunyumba popanda chiphaso kunali koletsedwa mpaka mu 1963, ndipo ku America pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lokuloleza mu 1978. Makampani ambiri a mowa wonunkhira hops amene atchuka lero anayambitsidwa ndi anthu amene anaphunzirira m'khitchini mwawo.

Kodi mumadziwa kuti Chibuku cha masiku onse chimachoka ku fakitale chisanamalize kuwira? N'chifukwa chake chimakhala chotsekemera tsiku loyamba, n'kumakalipa tsiku lililonse mpaka kusasa sabata isanathe. Max Heinrich anachiyambitsa ku Kitwe, m'dziko la Zambia, m'zaka za m'ma 1950. Chibuku Super chimatenthedwa kuti yisiti afe, choncho chimakhalitsa. Ndipo pa mpikisano wa magule wa Chibuku Neshamwari, magulu a Gule Wamkulu a ana a anthu ochokera ku Malawi amavina pamodzi ndi a mbende ndi muchongoyo.

Yisiti amene ali m'kapaketi ka m'chitini kaja ali ndi ubale wina ndi kwathu ku Malawi. Mu 1883, Emil Christian Hansen wa ku Carlsberg, mumzinda wa Copenhagen, ndiye anayamba kupatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha. Kampani yomweyo inatsegula fakitale yake yoyamba ya kunja kwa Denmark ku Blantyre mu 1968.

Kodi mumadziwa kuti mdani wamkulu wa mowa wa m'chitini ku Harare ndi mwezi wa October? Yisiti wa mowa umenewu amakonda madigiri 18 mpaka 22. Pansi pa malata masana kumatentha kuposa 30, ndipo yisiti akathamanga chotero mowa umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Firiji siyodalirika magetsi akamazimazima. Ikani chigubu m'beseni la madzi, muchifunditse thaulo lonyowa limene nsonga zake zikukhudza madziwo, pamalo podutsa mphepo. Mu June ndi July vuto limatembenuka: usiku kumazizira mpaka yisiti kugona, ndiye chigubu chimafuna bulangete.

Za madzi musachite nazo mwayi. A m'mpopi ochokera ku Lake Chivero amakhala ndi klorini, amene amapatsa mowa kakomedwe ka mankhwala a kuchipatala. A pa mjigo sangadziwike ndi maso. Anthu a ku Glen View ndi Budiriro sanaiwale kolera wa mu 2018. Madzi onse olowa m'chigubu awiritsidwe kaye ndi kuzizira ali ovindikira.

Kodi mumadziwa zimene zinachitika ku Chitima, m'chigawo cha Tete, mu January 2015? Anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro. Poyamba kunamveka mphekesera ya ndulu ya ng'ona. Atafufuza, madokotala anapeza kuti ufa wa chimanga umene unafululidwa unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munamera kachilombo kotulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene safa ndi moto. Wofulula mwiniyo anali m'gulu la omwalira. Ufa kapena chimera chimene chanyowa n'kuvunda si cha mowa, si cha thobwa, si cha maheu.

Pomaliza pa mabotolo. Kuti mowa ukhale ndi mpweya, mumathira kasupuni kamodzi ka shuga m'botolo la mamililita 750, n'kutseka, n'kudikira masabata awiri. Mukapyola muyeso, kapena mukatsekera mowa usanamalize kuwira, botolo limaphulika ndipo magalasi ake amavulaza, makamaka m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene ana amagona pafupi. Sankhani mabotolo abulauni, chifukwa kuwala kwa dzuwa kukadutsa m'botolo loyera kapena lobiriwira kumaononga hops m'kanthawi kochepa, mowa n'kuyamba kununkha. Asungeni m'kreti yovindikira, pansi, kutali ndi zenera.