CHIPATA CHA CHIWINDI M'ZINENERO ZIWIRI

Munthu wodwala chiwindi akachoka ku Netherlands kukapitiriza kulandira chithandizo ku England, amanyamula kalata ya dokotala wake. Kalatayo imakhala ya m'Chidatchi, choncho dokotala wa ku London asanaione, imayamba yadutsa m'manja mwa womasulira. Ntchito imeneyi imaoneka ngati yapafupi, koma pa nkhani ya magazi a m'chiwindi pali misampha yokola ngakhale munthu wodziwa bwino zinenero zonse ziwiri.

Womasulira ayenera kuyamba wadziwa m'mene magaziwo amayendera. Chiwindi chimalandira magazi kudzera m'njira ziwiri. Mtsempha waukulu wochokera ku matumbo, chifu ndi kapamba umabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo magazi amenewa amadza atasenza chakudya chogayidwa. Gawo lotsalalo limachokera ku mtima, lili ndi mpweya wabwino. Onse pamodzi amakwana pafupifupi malita 1.5 pa mphindi imodzi. Akatha ntchito yawo, amatulukira m'mitsempha itatu ikuluikulu nabwerera ku mtima.

Adatchi ndi anthu onyadira mawu akwawo. Katswiri wa masamu Simon Stevin, amene adamwalira mu 1620, adalimbikira kuti nzeru zakuya zizilembedwa m'chinenero cha anthu wamba, ndipo mtima womwewo umaoneka m'mawu a zachipatala. Mtsempha wochokera ku matumbo uja amautcha "poortader". "Poort" ndi chipata, "ader" ndi mtsempha wa magazi, pakuti umalowera pa mpata wa kunsi kwa chiwindi umene akatswiri akale adautcha chipata. Angerezi adatengera dzinali ku Chilatini, nati "portal vein". Womasulira wongotsata liwu ndi liwu angalembe "gate vein". Dokotala angaseke, koma tanthauzo angalitole ndithu.

Msampha woopsa uli pa mawu awiri ofanana ngati mapasa: "leverader" ndi "leverslagader". "Lever" ndi chiwindi. Kusiyana kwake ndi zilembo zinayi zokha, "slag", kutanthauza kugunda. "Leverslagader" ndi mtsempha wogunda, wobweretsa magazi kuchokera ku mtima, umene pa Chingerezi ndi "hepatic artery". "Leverader" ndi wotulutsa magazi, "hepatic vein". Liwu la "hepatic" ndi lochokera ku Chigiriki, ndipo silifanana konse ndi "liver" la masiku onse. Kutsekeka kwa mitsempha yotulutsa ndiko matenda otchedwa Budd-Chiari, pamene kutsekeka kwa mtsempha wogunda ndi vuto limene madokotala amaliopa kwambiri munthu akangomuika chiwindi cha wina. Zilembo zinayizo zikatayika, dokotala amafufuza mtsempha wolakwika.

Ngakhale Adatchi enieniwo sasunga lamulo lawo nthawi zonse. Anthu wamba amati "aderverkalking" ponena za kulimba kwa mitsempha, chonsecho matendawa amagwira mitsempha yogunda. Olankhula Chichewa asaseke msanga, pakuti liwu limodzi loti mtsempha limasenza zonsezi, kuwonjezapo ya m'minofu yosayendamo magazi n'komwe.

Pomaliza pa kalata yotere pamakhala zotsatira za makina ounikira m'mimba, amene amaonetsa kumene magazi alowera. Apa Adatchi nawonso amabwereka mawu a Chigiriki ndi Chilatini: "hepatopetaal", olunjika ku chiwindi, ndi "hepatofugaal", othawa chiwindi. Pa Chingerezi ndi "hepatopetal" ndi "hepatofugal". Mawuwa safuna buku lomasulira, amangofuna maso osafulumira.

Mwa munthu wabwinobwino, magazi a mu "poortader" amalunjika ku chiwindi. Koma chiwindi chikalimba ndi zipsera, kaya chifukwa cha mowa kapena matenda ena, magazi amasowa polowera. Amadzazana, nafuna njira zina zazing'ono, ndipo nthawi zina amatembenuka n'kuyamba kubwerera kumene achokera. Mitsempha ya kumapeto kwa m'mero, pafupi ndi chifu, imatupa, ndipo ikaphulika munthu amasanza magazi ochuluka, mwina n'kufa tsiku lomwelo. Dokotala akawerenga "hepatofugal" amadziwa kuti matenda apita patali, ndipo amafulumira kuunika m'mero. Koma womasulira wotopa akalemba "hepatopetal" m'malo mwake, kalatayo imanena kuti magazi akuyenda bwino, ndipo wodwala angauzidwe kuti adzabwerenso pakapita miyezi.