Cheya cha Pachifuwa ndi Pamaŵere: Kodi Chingachotsedweretu?

Amayi anzanga, pali nkhani zina zimene sitizikamba pa chitsime kapena pa mtondo, ndipo imodzi mwa izo ndi ya cheya chomera pachifuwa ndi pamaŵere pa munthu wamkazi. M'magulu athu a amayi kuno kwa Mkanda funsoli limabwera monong'ona, msonkhano utatha: kodi alipo mankhwala ochotseratu cheya chimenechi kuti chisameretso?

Choyamba mitima ikhale pansi. Titsitsi tiŵiri kapena titatu tozungulira nsonga ya bere si matenda ayi. Amayi ochuluka ali nato, makamaka akakhala ndi pakati kapena akasiya kusamba, ndipo sitiletsa mwana kuyamwa. Zoti mkazi wa cheya kapena wa ndevu ndi mfiti, kapena kuti ndi wouma mtima, ndi nkhambakamwa chabe zimene zaliza ana a eni ake popanda chifukwa. Thupi la mkazi aliyense limapanga mahomoni achimuna pang'ono, ndipo ndiwo amadzutsa cheya. Kwa ena nza kumtundu: amayi awo ndi agogo awo analinso otero.

Tsono za kuchotsa. Kumeta ndi lezala kumadula tsitsi pamwamba pokha, muzu nkutsala. Ambiri amaopa kuti akameta cheya chidzachuluka, koma zimenezo si zoona. Mayi wina wophunzira za thupi la munthu ku America, Mildred Trotter, anaziyesa m'chaka cha 1928 napeza kuti kumeta sikufulumizitsa kukula kwa tsitsi. Limangomveka lolasa chifukwa nsonga yake yadulidwa. Kuzula, monga ankachitira agogo athu ndi phulusa, kumakhalitsa masabata angapo, koma khungu la bere nlofeŵa, ndipo pozulapo pangatuluke chithupsa. Mayi woyamwitsa asazule konse. Ine ndiona kuti kasizasi koyera bwino, kodulira m'munsi, kaposa njira zonsezi.

Njira yophera muzu weniweni ilipo, dzina lake electrolysis. Anaiyamba Charles Michel, dokotala wa maso wa ku St Louis, m'chaka cha 1875, pochotsa nsidze zolasa m'diso. Amaloŵetsa kasingano kakang'onong'ono m'bowo la tsitsi nkuwotcha muzu ndi mphamvu ya magetsi, tsitsi limodzi limodzi, kotero munthu amabwererako kangapo. Ina ndi ya kuŵala kotchedwa laser, imene imachepetsa cheya kwa nthawi yaitali ngakhale simaliza chonse, ndipo pa khungu lakuda ngati lathu ingathe kuwotcha ndi kusiya zipsera ngati makina ake sali oyenera. Zonse ziŵirizi zimachitika m'mizinda ikuluikulu, pa mtengo woti mlimi wa mtedza angadandaule nawo. Choncho wina akabwera pa msika ndi kabotolo nati mafuta ake amapha muzu, ndalama zanu zibwezereni m'mpango. Mafuta opaka amene amathothola tsitsi amasungunula la pamwamba lokha, ndipo sayenera kufika pa nsonga ya bere.

Kunena za mabotolo, ndisaiŵale mafuta oyeretsa khungu. Ambiri a iwo ali ndi mankhwala amphamvu onga clobetasol, amene akapakidwa kwa miyezi yambiri amapepuza khungu, ndiponso amatha kumeretsa cheya pomwe panalibe. Munthu nkumafuna kukongola, mapeto ake nkudziputira yekha vuto.

Koma chimene chimandidetsa nkhaŵa koposa ndi ichi. Cheya chikachuluka pachifuwa, pachibwano ndi pamimba, kwinaku msambo ukudumphadumpha, ziphuphu zili mbwee, thupi likunenepa ndipo pathupi sipakubwera, kaŵirikaŵiri gwero lake ndi vuto la m'thumba la mazira lotchedwa PCOS. Madokotala aŵiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analifotokoza mu 1935, ndipo limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka. Ndi angati amene anyozedwa ndi apongozi, mwinanso kusiyidwa ukwati, akuti ndi osabereka, pamene chithandizo chilipo? Vutoli limayendanso ndi matenda a shuga, motero nkofunika kuyezetsa magazi. Dokotala angapereke mapiritsi ena olera kapena mankhwala otchedwa spironolactone, amene amafooketsa mphamvu ya mahomoni aja. Pamafunika kupirira, pakuti kusintha kumaoneka patapita miyezi ngati 6. Mayi wapakati kapena wofuna mwana samwa spironolactone, ndiye muwauze adokotala poyera za cholinga chanu.

Ngati cheya chabuka mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu nkuyamba kukula ngati a bambo, musadikire kuti mugulitse kaye fodya. Nthawi zina chimenecho ndi chizindikiro cha chotupa m'kati. Yambirani pa chipatala chathu cha Mkanda, kumene angakutumizeni ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo kukafunika, ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Popita musamete kwa masabata angapo kuti adokotala akaone okha kuchuluka kwake, ndipo mutenge buku lanu la kuchipatala, masiku a msambo wa miyezi yapitayi mutawalemba pa kapepala.