Masheya amagulidwa ngati chimanga cha pa Nsaru

Wogula mbewu pa Nsaru kapena pa Kabudula amadzifunsa mafunso awiri asanatulutse ndalama. Kodi chimangachi n'chouma, chopanda anankafumbwe? Nanga ino ndi nthawi yogula? Mu Meyi, anthu akangokolola, mtengo umagwa, mu Januwale n'kukwera. Koma chimanga chachinyezi chimaolera m'thumba ngakhale muchigule motchipa chotani.

Masheya nawo ndi chimodzimodzi. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsako masheya inali NICO, mu 1996. Lero kuli Illovo, TNM, National Bank, Airtel ndi ena. Mumagula kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, sikuti mukwere basi ya ku Blantyre ayi.

Yambani ndi funso la chinyezi lija: kampaniyo ikupindula zingati? Makampaniwa amalengeza phindu lawo m'nyuzipepala. Tiyerekeze kuti sheya ikugulidwa K100 ndipo phindu la pachaka pa sheya imodzi ndi K20. Ndiye kuti phindu la zaka 5 lafanana ndi mtengo umene mwalipira. Ina ya K100 yomweyo koma phindu lake K4 ikufuna zaka 25; imeneyo yadula, ngakhale anthu aitame. Onaninso ngongole zake, komanso ngati imagawira eni masheya phindu chaka ndi chaka. Musaiwale kuti kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho phindu lokwera pang'ono chabe likhoza kukhala lotsika kwenikweni.

Mukapeza kampani yabwino, m'pamene funso la nthawi limabwera. Lembani mtengo wotsekera wa tsiku lililonse m'kope, ngati mmene mumalembera mitengo ya soya. Phatikizani mitengo ya masiku 50 apitawa, mugawe ndi 50. Mtengo walero ukakhala pansi pa nambala imeneyo n'kumatsikabe, dikirani kaye. Ukayamba kuidutsa, ogula n'kumachuluka, mukhoza kulowa, koma ndi gawo chabe la ndalama.

Chenjerani pano: msika wathu ndi waung'ono. Sheya ina imatha masiku angapo osagulidwa, ndipo ogula owerengeka atha kukankha mtengo, kope lanu n'kukunamizani. Kugulitsanso kumachedwa. Ndalama ya mpamba, imene mukufuna kukaodera katundu tsiku la msika ku Namitete, musaiike m'masheya.